Kumene Mtsinje wa a Tenesi Umagona

Mukafika ku Hewe n'kufunsa za a Tenesi Harawa, wina akatulutsa foni n'kuyamba kuseka, mundiitane. Ndimapezeka pansi pa mkuyu wa pa dooko, pomwe ndimamata machubu a njinga, ndipo wosekayo ndidzamupatsa mawu oti akawasenze pamutu mpaka kwawo. Kavidiyo kali m'mafoni mwawomo n'ka tsiku limodzi. Ine ndikuuzani za munthu yense.

A Tenesi ndi wowolotsa anthu. Mtsinje wathu umatsika kuchokera kumapiri a Nyika n'kudula mudzi pakati. Tsidya lino kuli msika ndi chigayo, tsidya linalo kuli tchalitchi ndi minda. Mlatho ulipo, koma uli kutali kumunsi, woti ukaufuna unyamuliretu kamba. Ndiye anthu amadzera pa dooko, ndipo amene madzi amuopsa, kapena wavala zoti zisanyowe, amakwera pamsana pa a Tenesi. Ndi munthu wamfupi, wa msana wotambalala ngati lichero. Zala za kumapazi kwawo zinabalalika kalekale, chifukwa nsapato amangozivala tsiku la Mgonero, akatuluka m'tchalitchi n'kuzinyamula kumanja.

Bambo awo analinso wowolotsa. Anawayambitsa ndi matumba a chimanga, kenako mbuzi, poti mbuzi imapalapata ngati munthu wamantha. Munthu woyamba kumunyamula anali mayi awo omwe. Amati mayiwo atafika tsidya anatsika, n'kukonza chitenje, n'kungoti, "Tabwezana." Kuyambira pamenepo msana umenewo wanyamula azamba, aphunzitsi, odwala, makina osokera, ana a sukulu awiriawiri, ndi abusa onenepa amene ankapemphera mokweza mpaka phazi litagunda mtunda.

Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Dowa ngati tenanti wa fodya, ndili ndi thumba limodzi ndi pakamwa pangapa. Fodya anandikana, pakamwa panatsala. Tsiku loyamba ndinapeza mtsinje utafiira, ndipo kamunthu kakafupi kanandiweramira osandifunsa dzina. Ndinatukwana madzi, ndinatukwana boma, ndinatukwana amene anandiuza kuti ku Rumphi kuli ndalama. Tili pakatikati iwo anati, "Tukwanani bwino, mnyane, koma khosi langa mulisiye." Mnyane ndiye kuti mnzanga m'Chitumbuka. Mpaka lero sananditchulepo dzina lina.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. M'mawa, asanaponde madzi, ankaima n'kuyang'ana ku Nyika. Kukada kumapiriko ndiye kuti madzi ali m'njira, ngakhale kuno dzuwa likuswa mtengo. Akatero ankayang'ana mtundu wa madzi. Madzi a mvula amabwera ofiira, atasenza zinyalala ndi timitengo, akudzilengeza okha ngati munthu wochokera kumowa. Madzi oyera ndi a mtendere. Bambo awo anawasiyira mawu amenewo ngati cholowa: madzi oyera sanama. Pakati pa dooko palinso mwala wakuda umene timautcha Ng'ombe. Msana wake ukamira, palibe wowoloka, kaya ndiwe yani.

Mtsinjewo ankautcha Mdala. Ankaupatsa moni ndi dzanja lonyowa pakhosi, ankaudandaulira ukachepa, ankaukalipira ukadya dimba la munthu. Wokwera pamsana ankamuuza kuti, "Osayang'ana madzi. Yang'anani mtengo uwo, ndipo mundiuze kumene mukupita." Munthu akamalankhula amaiwala kufinya khosi. Motero a Tenesi anamva za mimba zobisika, za maukwati ogwedezeka, za ana olephera mayeso, ndipo sindinamvepo nkhani ngakhale imodzi itatuluka pakamwa pawo. Ndinayesa kuwakumba, ine katswiri wa nkhani. Ankangoti, "Zinapita ndi Mdala."

Kenako anthu a sikimu ya mthirira anabwera kudzamanga damu kumtunda, m'mapiri. Tinkaona malole a simenti akukwera, fumbi lili kobo. Ndinawauza a Tenesi kuti mtsinje wanu akukautsekera. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mdala si mbuzi yoti n'kuilowetsa m'khola." Chaka chimene damu linkadzaza, mtsinje unawonda, iwo n'kumati Mdala wakalamba, akufuna kupuma.

Tsiku la kavidiyoko linali Loweruka la m'chilimwe. Isabella, mwana wa a Luhanga a pa chigayo, ankakwatiwa tsidya linalo. Madzi anali olekeza m'mawondo, oti mwana angawoloke yekha, koma mkwatibwi sangalowe m'tchalitchi ndi mapazi a matope. A Tenesi anayang'ana ku Nyika, kunali mbee ngati mbale yotsuka. Anayang'ana madzi, mchenga wa pansi ukuoneka. Anagwada, Isabella anakhala pamapewa atakumbatira diresi lake, amayi akuimba mbali zonse ziwiri.

Ali pakati, madzi a m'mawondo anafika m'ntchafu. Anafika m'chiuno. Sanafiire, sanasokose, anangokula. Mchenga unachoka pansi pa mapazi awo ngati wina wakoka mphasa. Anagwa.

Palibe anavulala. Alongo ake a Isabella anamuvuula akutsokomola, velo linapita kumunsi ngati kakowa wotopa, ndipo anakwatiwa atavala chitenje cha amayi a mpingo ndi bulauzi yobwereka. Koma wina wa pa ukwatipo anali atatukula foni. Pofika Lolemba a Tenesi anali akugwa ku Bolero, akugwa ku Rumphi boma, akugwa ku Joni m'manja mwa anthu amene sanaonepo dooko lathu.

Ena anati analedzera, munthu woti chakumwa chake ndi thobwa. Ena anati ukalamba. Ena anati pali amene sankafuna ukwati umenewo. Ndinakangana ndi msika wonse. Mwamuna wina wogulitsa kaunjika anabwera kudzapopetsa njinga akuonetsa anzake kavidiyoko, ndipo ndinamuthamangitsa ndi pampu mpaka pa chigayo. Njinga yake inagona pamtengo panga masiku angapo asanalimbe mtima kudzaitenga.

Kwa a Tenesi ndinapita ndi mawu ofewa, mmene ndingathere. "Achimwene, ndi damu lija. Anatsegula madzi. Aliyense akudziwa."

Anapukusa mutu. "Kumwamba kunali koyera. Madzi anali oyera. Ndinamufunsa, iye anati bwera. Munthu akakuitana yekha n'kukugwetsa pamaso pa anthu, ndiye kuti wathana nawe. Mdala wandikana, mnyane."

Sanabwerenso pa dooko. Ankakhala pakhonde atafulatira mtsinje, akupota zingwe za ng'ombe. Tikawauza kuti masiku ena madzi akumakwera popanda mtambo, ankati, "Akundifunafuna." Anyamata ena anatenga malo awo, onyamula munthu ngati thumba la feteleza, ndipo amayi okalamba anayamba kujomba ku chigayo.

Mwana wawo Luntha, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, anawapezera ulonda pa geti la nyumba ina ku Katoto. Mwana wabwino, sindimunena. Anatumiza nsapato zazikulu zakuda za alonda, n'kunena kuti adzawatenga Lolemba. Ndinawapeza a Tenesi akuzungulira bwalo lawo atazivala, akuphunzira kuyenda nazo, akutukula miyendo ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Mtima wanga unawira. Munthu amene wanyamula mudzi wonse, azikatsegulira galimoto ya munthu mmodzi, ku dera kopanda mtsinje.

Sabata yomweyo a sikimu anakonza ulendo woti alimi a kalabu akaone damu, kuti akopeke alowe nawo mthirira. Wapampando wa kalabuyo ndi NyaKumwenda, mayi wa tsidya linalo, amene anaseka kwambiri tsiku la ukwati mpaka kukhala pansi. Anati malo m'lole ndi a mamembala okha. Ndinaima pamsewu n'kuyamba kufotokoza mokweza za amene anamunyamula iye ali ndi pakati pa mwana wake woyamba, wachiwiri ndi wachitatu. Ndisanafike pa wachinayi, malo awiri anapezeka pa tayala la sipeya.

A Tenesi anakana. Ndinawauza kuti, "Chabwino, pitani ku Mzuzu. Koma munthu sachoka pamudzi osatsanzika. Mwakhala ndi Mdala moyo wanu wonse, ndiye muzembe ngati tenanti wothawa usiku? Tiyeni kwawo mukamutsanzike."

Anaika pansi chingwe chimene ankapota. Kenako anati, "Apo mwanena."

Lachisanu m'mawa tinakwera. Iwo anavala jekete la ku tchalitchi ndi nsapato za ulonda zija. Lole inakwera mapiri ikulira, kudutsa minda ya fodya yopanda kanthu, kudutsa tchire lopsa, mpaka m'nkhalango ya misuku momwe mphepo inayamba kuzizira. Amayi ankaimba, abambo ankakangana za mtengo wa mbewu. A Tenesi ankangoyang'ana kumapiri. Titakhota phiri lomaliza, nyimbo inazima yokha.

Madzi anali atagona pakati pa mapiri awiri. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Sankayenda. Phiri lililonse linali ndi mnzake wozondoka pansi pake, ndipo kamtambo kamodzi kanali pakati pa madziwo ngati nsalu yoiwalika pochapa. Chapatali mitengo youma inaimirira m'madzi mpaka m'khosi, akakowa atakhala panthambi zake osagwedezeka, moti sumadziwa kuti mbalame yeniyeni ndi ya pamwamba kapena ya pansi. Kunalibe phokoso lija timagona nalo ku Hewe, la madzi okhula miyala. Makutu anga ankalifunafuna.

A Tenesi anatsika m'lole ngati munthu wolowa m'chipinda cha wodwala. Nyanja anaionapo kamodzi ku Chitimba, ndipo anabwerako akuti nyanja ndi nyanja, ilibe ulendo. Koma uyu anali Mdala wawo, yemwe sanamuonepo ataima ngakhale tsiku limodzi.

"Wagona," ananong'ona. "Taonani, mnyane. Wagona chagada."

Wotionetsa malo anali mtsikana wa ku sikimu, dzina lake Pamela, wa jekete lachikasu ndi chipewa cholimba chomukulira. Anatilonjera m'Chitumbuka, anapitiriza m'Chichewa, Chingelezi chikugweramo ngati miyala mu mpunga. Anatiuza kuti tiyende mondondozana pamwamba pa khoma, tigwire zitsulo, ndipo pasapezeke woponya mwala.

"Nanga woponya mnzake?" anafunsa bambo wina.

"Ameneyo ayambe walipira za kalabu," anatero NyaKumwenda.

Tinayenda pakhomapo. Kudzanja lamanja madzi anali pafupi, oti ungawakhudze ndi ndodo, akuda bii koma opanda matope, nkhope zathu zikuyenda m'menemo mozondoka. Kumanzere kunali phompho, ndipo pansi penipeni kamtsinje kowonda kankatuluka ngati mkodzo wa mwana. A Tenesi ankayang'ana uku, n'kuyang'ana uko. Nsapato zawo zinkalira pa simenti.

Pakati pa khoma panali kanyumba kopanda zipupa, ndipo m'menemo munali chigudumu chachitsulo chonga chiwongolero cha lole, chopakidwa girizi. Pambali pake panakhala mwamuna woonda akudya nzimbe. Pamela anati ameneyo ndi a Elias, otsegula ndi kutseka madzi. Anafotokoza kuti chigudumucho chimakweza chitseko chimene chili pansi penipeni pa khoma. Minda ya sikimu ili kumunsi kwa dooko lathu, ndiye ikafuna madzi, a Elias amapukusa, madzi n'kutsata njira yawo yakale. Poti amachokera pansi, kumene dzuwa silifika ndipo matope anakhazikika kale, amatuluka oyera ndi ozizira.

"Ndipo tisanatsegule timachenjeza," anatero, akuloza limu ya galimoto yopachikidwa pa waya. "A Elias amamenya chitsulo ichi."

Apa ndiye magazi anandikwera. "Chitsulo ichi? Mukuchenjeza ndani, anyani? Ku Hewe tingamve kalimu aka? Ngakhale ine nditakuwa pano sangandimve, ndipo ine ndimamveka."

"Anandiuza kuti ndizimenya, ndimamenya," anatero a Elias, akulavula makoko a nzimbe.

Pamela anayamba kunena za uthenga wochenjeza umene unatumizidwa ku komiti ya mthirira ya kumudzi, ine ndinayamba kumufunsa kuti komitiyo imawolotsa anthu angati, ndipo NyaKumwenda anandikoka malaya kuti ndisachititse manyazi kalabu yomwe sindine membala. A Elias anasiya kutafuna. Anali akuyang'anitsitsa a Tenesi.

"Kodi dada, si inu aja a mkwatibwi?"

Ndinakunga chibakera. Koma munthuyo sanaseke. Anaika nzimbe pansi n'kupukuta manja pa thalauza.

"Tsiku limenelo ndi limene tinatsegula koyamba," anatero. "Kunabwera mabwana, ine ndinavala malaya atsopano, anandijambula ndikupukusa. Madzulo ake mlamu wanga ananditumizira inu pa foni. Ndinaseka, dada, sindinama. Patapita masiku ndi pamene ndinazindikira kuti ndi Loweruka limodzi."

A Tenesi anaoneka ngati sakumva. Anali atagwada, atagwira zitsulo, akusuzumira pansi pa madzi ogonawo. Atalankhula, analankhula motsitsa, moti tonse tinachita kuyandikira.

"Ndiye akamanyamuka pano, amakhala asanaone mvula?"

"Ayi, dada," anatero Pamela.

"Mumamudzutsa ali chigonere, n'kumutulutsira kumsana kwa nyumba."

"Tingatero."

"Amadziwa kuti kumunsi kuli anthu?"

A Elias anakanda mutu. "Madzi sadziwa kanthu, dada."

"Yayi, amadziwa chomene," anatero a Tenesi. Anadzuka pang'onopang'ono, ndipo nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wauzidwa kuti maliro aja anali a wina. "Koma wodzidzimutsidwa kutulo sapereka moni. Sanandione, mnyane. Anali akuyenda ali m'tulo."

Ine ndinali ndisanathe kukwiya, koma mkwiyo unasowa poponda.

Pamela anati tsikulo atsegula pang'ono kuti alendo aone, kenako atseka. A Elias anamenya limu yawo, kulira kwake kunapita pamwamba pa madzi, kukagunda phiri n'kubwerera, akakowa ena n'kuuluka. Ndiye anasuntha n'kunena kuti, "Gwirani apa, dada. Tipukusire limodzi."

Manja amene anagwira ntchafu za mudzi wonse anagwira chitsulo. Chinakana kaye, kenako chinalola. Pansi pa mapazi athu khoma linayamba kung'ung'udza ngati ng'ombe yobzikula. Kuphompho kuja kamtsinje kanatupa, kanayera ngati thonje, kanayamba kulankhula ndi mawu amene tonse tinawadziwa. Koma mbali ya kumanja sikunasinthe kanthu. Kamtambo kaja kanali pomwepo, mapiri ozondoka ali phee. Mdala anali atagona, Mdala yemweyo akuthamanga.

A Tenesi anakhala pansi n'kumasula zingwe za nsapato. Anandipatsa ine kuti ndinyamule. Anapempha Pamela kuti atsike makwerero a kumbali, iye anati bola asapitirire pa chitsulo chomaliza. Ndinawaona pansipo, kamunthu kakang'ono m'jekete la ku tchalitchi, nthunzi ya madzi ikuwakuta, utawaleza waung'ono uli pamutu pawo. Anatambasula phazi limodzi n'kuliviika m'mphepete. Analisiya momwemo nthawi yaitali.

Atakwera anati, "Akuzizira ngati m'mawa wa Juni. Tiyeni tikamuchingamire pa dooko."

A sikimu anali atakonza mabanzi ndi zakumwa. NyaKumwenda anati palibe lole inyamuke anthu asanadye. Ndinamuuza dalaivala kuti mabanzi amadyeka m'galimoto, ndipo ndinamuuza zinanso zokhudza matayala ake ndi amene adzawamate akadzaphulika ku Hewe. Tinanyamuka anthu akutafuna. Mtsinje umazungulira mapiri, msewu umadula, choncho tinafika pa dooko dzuwa litapendeka, madzi akadali a m'mawondo, ofunda, ana akusambamo.

A Tenesi anatulutsa anawo. Anavula jekete, anapinda thalauza, anaviika dzanja n'kunyowetsa pakhosi. Kenako analowa, koyamba chigwereni, n'kukaima pafupi ndi Ng'ombe. Sanayang'ane ku Nyika. Anatsinzina.

Mbiri inathamanga kumsika. Anthu anabwera, ena mafoni ali m'manja. Ndinatenga pampu yanga n'kuima kutsogolo kwawo, ndipo mafoni ambiri anabwerera m'matumba.

Tinadikira. Mthunzi wa mkuyu unawoloka mtsinje wokha. Atombolombo ankatera pamapewa a a Tenesi n'kuuluka. Ng'ombe za munthu wina zinabwera kudzamwa, zinawayang'ana, zinapita. Ine, amene sinditha kukhala chete ngakhale pa maliro, ndinapezeka ndikumvetsera madzi. Ndinkaganiza za kamtambo kaja, ngati kakadali pomwepo, ndi za mitengo yoima m'madzi mpaka m'khosi, ngati imakumbukira kuti pansi pake pankadutsa anthu.

"Ndi uyo," anatero a Tenesi, maso ali chitsinzinire. "Mchenga wayamba kuyenda pa zala."

Ife sitinkaona kanthu. Madzi anali omwewo. Iwo anatembenuka n'kutuluka mosafulumira, ngati munthu wopatukira mkulu panjira. Atangoponda mtunda, masamba ouma a m'mphepete anayamba kunyamuka limodzilimodzi. Kunabwera kamzere kakuda ka phulusa la lupsa, kakuyandama mwakachetechete. Madzi anakwera m'nthiti za Ng'ombe, anafika pamsana, anaukwirira. Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale wa mankhwala, ndipo mchenga wa pansi unkaonekabe.

A Tenesi ananjuta n'kuviika dzanja. Anadikira pang'ono, kenako anamwetulira. "Wazizira. Ndi yemwe uja ndamutsegulira ine." Anandiyang'ana. "Tsiku la Isabella mchenga unandinong'oneza chimodzimodzi. Ndinamvera maso. Adada anandiphunzitsa za mtsinje wa maso, mnyane. Uyu ndi wa mapazi."

NyaKumwenda ndi amayi ena a tsidya linalo anali ataima ndi mabasiketi awo. Anyamata onyamula anthu aja anati iwo angayese. A Tenesi anati, "Palibe alowe. Akudutsa, mulekeni adutse." Ndipo anthu anakhala pansi, monga ankachitira kale akanena iwo.

Dzuwa litatsala pang'ono kukhudza mapiri a ku Zambia, msana wa Ng'ombe unatulukanso, wonyowa, wonyezimira. A Tenesi anadzuka, anapita pamaso pa NyaKumwenda, anatembenuka, n'kugwada.

Mayiyo anayang'ana msanawo, anayang'ana madzi, anayang'ana ife.

"A Harawa, chitenje ichi n'chatsopano."

"Enya mama, ndachiona."

"Mukandigwetsa, ine sindine Isabella. Ndidzakusumirani."

"Mukawagwetsa ndidzajambula ndine," ndinatero ine, "ndipo ndidzatumiza mpaka ku Joni."

Anandiyang'ana moipa, anapatsa mnzake basiketi, n'kukwera. A Tenesi anadzuka naye ngati wanyamula mtolo wa udzu. Asanaponde madzi anandiitana.

"Mnyane, muyimbire Luntha. Mumuuze kuti yewo chomene, koma nsapato zija zandithina."

"Zakuthinani? Zinkachita kukuvukani."

"Mumuuze choncho."

Analowa mopendekera kumunsi, akukwakwaza mapazi pa mchenga monga mwa kale. Madzi anawafika m'ntchafu n'kulekera pomwepo. Ndinawamva akuti, "Osayang'ana madzi, mama. Yang'anani mtengo uwo. Tandiuzani, mwaona chiyani kumene munapita lero?" NyaKumwenda anayamba kufotokoza za mapiri ozondoka, mawu ake akunka nachepa, ndipo zimene ananena atadutsa pa Ng'ombe sindinazimve.

Luntha anakwiya, anandinena kuti ndine woyambitsa zonse, ndipo sindinakane. A Elias masiku ano amandiflasha akafuna kutsegula, akakhala ndi mayunitsi, akakumbukira. Foni ikalira ndimakuwa, dooko lonse n'kumva. Ikapanda kulira, a Tenesi amaima kaye m'madzi atatsinzina, wokwera ali pamtunda akudikira. Nsapato za ulonda zija zikulendewera panthambi ya mkuyu wanga, pamwamba pa machubu akale. Mu ya kumanzere muli timba, waikiramo mazira.